Vesiti ya Tilekeni

Anthu akamakamba za njala ya 2002, aliyense amatchula chimene anadya. Wina mizu ya nthochi, wina deya wosakaniza ndi zimene sakufuna kuzitchula, wina sanadye kanthu ndipo palibe woti amulankhulire. Ine ndilibe chotchula. Chaka chimenecho ndinali ku Nairobi, ndinkadya katatu pa tsiku, ndipo ndinanenepa mpaka lamba wa thalauza ndinamuboola bowo latsopano. Ntchito imene ndinagwira pa njala ija inali yosankhira agalu zovala. Ndikatero anthu amaseka, koma sindinathiremo ngakhale kamchere. Mboni zilipo, zina ku Kasarani kumene ndinkakhala, zina kumanda a kwathu ku Ntchisi.

Ndinkagwira ntchito ku Upper Hill, m'bungwe lina la mpingo, ku ofesi yogula katundu. Kumudzi kunatsala achimwene anga a Damiyano, alamu, ana awo, ndi mayi athu okalamba. Munda wawo uli kumathero enieni a mudzi, pamene mzere womaliza wa chimanga umagundana ndi nkhalango. Nthaka yake ndi yachonde, koma eni ake ndi awiri: achimwene ndi nguluwe. Amene ankagamula kuti chaka chino adya ndani anali agalu.

Okutobala

Masiku amenewo kumudzi kunalibe foni. Achimwene ankapalasa njinga mpaka pa boma, kukanyumba ka mayi wina amene ankaimbitsa foni yake. Ankangoliza kamodzi, ine n'kuwaimbira ndili ku ofesi. Tinapangana kuti zizichitika Lachisanu loyamba la mwezi.

A Damiyano ndi munthu amene Mulungu anamuumba tsiku limene dothi linatsala lambiri. Ankanyamula thumba la feteleza phewa ili, lina phewa ili, nzimbe ili kukamwa. Malaya a m'sitolo sankawakwana, ndipo telala wa pamsika akawaona akubwera ankatseka n'kupita kumaliro a munthu wosamudziwa. Ndikulumbira, ndinamuona ndekha akukhoma chitseko.

Agalu awo anali awiri, Tilekeni ndi Mwatopa. Kwathu galu sitimutcha dzina kuti alimve iyeyo, timamutcha kuti amve aneba. Ukayambana ndi munthu sumuyankha, umangopeza kagalu n'kumakaitana mokweza m'mawa uliwonse. Tilekeni anali wamkazi, wofiirira, ndipo ndiye ankaluma nguluwe kukhutu n'kuigwira kuti achimwene apeze pobaya ndi mkondo. Mwatopa ntchito yake inali kuuwa ali kumbuyo, ngati wapampando wa komiti.

Lachisanu la mwezi umenewo moni unali waufupi. Anati nguluwe zinabwera kudzafukula chinangwa, ndipo yaikulu inang'amba Tilekeni ndi dzino kuchokera pachifuwa mpaka kukhwapa. Alamu anamusoka ndi singano yosokera matumba, galu n'kukhala moyo. Koma akadzang'ambidwanso pomwepo, ndiye kuti munda waperekedwa kwa nguluwe ndi manja awiri. Kenaka anati kwa ansembe a parishi yathu anaona chithunzi m'magazini, galu wa azungu atavala chovala cholimba pachifuwa, nguluwe ili chigonere pambali pake.

"Iwe Yona," anatero, "kumeneko kuli zonse. Undipezere mavesiti awiri a agalu."

Ndinafunsa za nkhokwe, poti dzinja lapitalo mvula inachuluka, chimanga chinaima m'madzi mpaka kuchita chikasu. Anati nkhokwe ili bwino, pansi pake payamba kuoneka koma ili bwino. Atatero anabwerera ku nkhani ya agalu.

Novembala

Mvula yobzalira inagwa kwathu, ndipo ku Nairobi nakonso kunkavumba ya mwezi umenewo, ija imasandutsa msewu wa Thika kukhala dambo la maminibasi amene kuno amawatcha matatu. Ine ndinakoka mizere ingapo kuseri kwa nyumba yathu ku Kasarani, pakati pa mpanda ndi thanki ya madzi. Mmalawi ngakhale mumuike m'nyumba yosanja pamwamba penipeni, amabzala chimanga m'bafa. Aneba athu a Chikikuyu ataona mizere yotumphuka ija anabwera kudzapepesa, kuyesa taika maliro.

Muyezo wa agalu unabwera ndi sisitere wina amene ankabwera kudzaphunzira. Sunali pa pepala. Chinali chingwe cha khonje chokhala ndi mfundo zitatu: ya khosi, ya chifuwa, ya msana. Achimwene anayeza Tilekeni yekha, nati Mwatopa ndi chimodzimodzi, kusiyana mtima basi. Chingwecho chinkanunkha galu ndi utsi. Ndinachisunga m'dilowa ya ku ofesi, ndipo sabata yonse anzanga ankayang'ana pansi pa nsapato zawo.

Munthu wa ntchito yanga sagula chinthu asanamve mitengo ya ogulitsa atatu. Ndi lamulo la ku ofesi, koma limalowa m'magazi. Ngakhale mayi a Tadala, akazi anga, amadziwa kuti anali mmodzi mwa atatu.

Woyamba anali mzungu wina wa ku ofesi kwathu amene tinkamutcha Chindevu. Kwawo ku America, chigawo cha kumwera, amasaka nguluwe ndi agalu ngati ife. Nditamufunsa, anatseka chitseko, maso ali ndi misozi. Zaka zonse zimene anakhala mu Africa anthu ankamufunsa za sukulu ndi za mijigo, koma palibe amene anamufunsapo za nguluwe. Anatulutsa katalogi imene ankabisa pansi pa malipoti. Anandiphunzitsa mpaka nthawi ya nkhomaliro inadutsa: vesiti iphimbe khosi, chifuwa ndi mimba, koma miyendo iisiye yomasuka, ikalemera kwambiri galu amatenthedwa n'kufa nguluwe isanamukhudze, ikapepuka kwambiri dzino limadutsa ngati m'tsamba la nthochi. Zabwino zenizeni amasokera nsalu yoletsa chipolopolo. Anatinso igwire thupi ngati chikopa cha galu mwini. Ndinavomera, monga mmene timavomerera azungu.

Mtengo wake unali ng'ombe ndi mwana wake, ndipo vesitiyo inkabwera pa sitima ya pamadzi. Ikanafika anthu atakolola, atadya, ataiwala.

Disembala

Wachiwiri anali wa zikopa ku msika wa Kariokor. Anandionetsa chikopa cha ng'ombe chochindikala ngati chitseko, nati chimenechi ngakhale mkango ungasiyepo mano. Ndinatenga kachidutswa kupita nako kunyumba. Mayi a Tadala anakanunkhiza, n'kundiyang'ana nthawi yaitali.

"Bambo a Tadala, chaka chino mukufuna kumuveka galu ndiwo?"

Nkhani ya chikopa inathera pomwepo.

Kwathu mitengo inali itayamba kuyenda yokha. Mbuzi imene mu Okutobala inkagula thumba la chimanga, mu Disembala inkagula ndowa, ndipo ndowayo inali ndi chibakera pansi. Ndinatumiza ndalama kudzera kwa ansembe. Achimwene anapita nazo ku depoti ya chimanga, anaima pamzere umene mutu wake unali pa boma, mchira wake kumudzi kwathu komwe. Atafika pawindo anauzidwa kuti chatha, ndipo chikadzabwera azidzagulitsa kathumba kamodzi pa munthu. Ndalama zinabwerera kunyumba zili zonse, zathanzi kuposa mwini wake.

Khirisimasi tinakadyera ku Spring Valley, kwa bwana wina wa kwathu amene ankagwira ntchito m'bungwe la maiko. Amalawi a ku Nairobi tinasonkhana pa kapinga, pansi pa mitengo imene ili ndi wantchito wakewake. Mphekesera imene inkayenda inali yoti chimanga chosungira dziko chinagulitsidwa kunja, ndipo ena ankati chinabwera ku Kenya konkuno. Bambo wina anatema ugali, nsima ya kuno, umene unali m'mbale yake, anaununkhiza, nati uwu ndi wa ku Kasungu.  Ine ndinatafuna wanga n'kupeza kamchenga ka ku Ntchisi, kaja kamalira pa dzino lakumanzere. Ndinakazindikira, Chauta ndi mboni. Kenaka tinadzuka kukatenganso wina.

Za njala tinakamba pang'ono, chifukwa zinalibe poyankhira. Za vesiti aliyense anali ndi maganizo. Wina anati tayala la galimoto. Wina anati malata. Dokotala wina anajambula galu pa kapepala kopukutira m'manja n'kuonetsa pamene pali mtima. Tinabalalika dzuwa litapendeka, tonse tikumva ngati tagwira ntchito.

Januwale

Ku Nairobi kunayamba kutentha, fumbi la Kasarani likulowa mpaka m'shuga. Kwathu mvula inadula chimanga chili m'mawondo, kenaka inabwera yonse tsiku limodzi ngati ikupepesa.

Wachitatu anali fundi wina wa ku msika wa Gikomba, mmisiri wosoka malona ophimbira katundu pa malole. Ndinamufotokozera m'Chiswahili changa, chimene chimakwanira kukwera matatu ndi kutsitsa mtengo wa tomato. Sanadabwe. Anati anasokapo kale jekete ya ngamira. Tinagwirizana lona yopinda katatu, pachifuwa chidutswa cha lamba wakale wa chigayo, kumsana malamba atatu omangira ndi zitsulo zake. Mtengo wake unali wa anthu. Ndinasankha iyeyo.

Apa ndiyenera kufotokoza chinthu chimodzi cha kwathu. Ife chovala sitigula chokwana. Chokwana lero n'chothina mawa, ndiye kuti wataya ndalama. Mwana timamugulira chachikulu, n'kupinda manja, n'kunena kuti adzakuliramo. Kabudula amene bambo anga anandigulira ndikuyamba sukulu anadzandikwana chaka chimene ndinkafunsira mbeta. Funsani mayi a Tadala, ndi amene ndinavala.

Choncho ndili m'matatu kupita ku Gikomba, ndinatulutsa chingwe chija n'kuchizunguliza m'manja. Chinandionekera chaching'ono. Ndinamasula mfundo ya chifuwa ndi ya khosi n'kuzisuntha zala zitatu. Sindinadziwe kuti dzulo lake mayi a Tadala anali atazisuntha kale, poganiza kuti Tilekeni ndi wamkazi, tsiku lina adzatenga bere. Fundi nayenso anaonjezera zake, chifukwa lona ikanyowa imakhwinyata, ndiponso kasitomala sabweza chinthu chachikulu. Aliyense anachita mwaulemu, osauza mnzake. Mwa atatu tonsefe panalibe amene anaganiza kuti chinthu chamoyo chingachepe.

Mavesiti atatha ndinapita nawo kwa Chindevu kukawayesa. Galu wake ankadya nyama ya m'chitini, anali ndi dokotala wake ndi tsiku lake lobadwa. Vesiti inamukwana ndendende. Chindevu anafunsa ngati agalu a achimwene ndi aakulu chonchi. Ndinamuuza kuti adzakuliramo. Anandiyang'ana, nayang'ana galu, koma anali munthu waulemu. Kenaka tinaveka vesitiyo thumba la makala, iye n'kulibaya ndi mpeni wa kukhitchini mpaka mpeni unapindika. Lona sinabooke. Tinagwirana chanza.

Lachisanu la mwezi umenewo achimwene anabwera pa boma wapansi. Anati njinga yapita kukacheza kwa munthu wina amene anali ndi chimanga, ndipo sikuoneka kuti ibwerako. A Kamtedza, aneba athu aja amene dzina la Tilekeni linkawanena, anali atazula malata a nyumba yawo n'kugulitsa, akugona m'khitchini. Mabanja ena anatseka zitseko ndi minga n'kupita ku maesiteti a fodya ku Kasungu kukafuna ganyu wa chakudya. Agalu a m'mudzi ankapirikitsidwa m'makomo. Achimwene okha ndiwo ankatapabe kadeya kupatsa awo, ndipo alamu anasiya kuwalankhula chifukwa cha zimenezo. Alamu ankati deya ameneyo ndi wa ana. Achimwene ankati galu akafa, chimanga chili m'mundacho si cha ana, ndi cha nguluwe. Onse awiri ankanena zoona, ndipo deya anali yemweyo.

Pa foni mawu a achimwene ankamveka ngati akuchokera kutali. Ndinapempha mayi wa foni uja kuti agwedeze waya. Anati waya ali bwino.

Febuluwale

Mnzanga wina wa ku ofesi ankauluka kupita ku Lilongwe, ndipo anavomera kundinyamulira katundu, koma wolemera mwakuti basi. Madzulo ake tinaika pa tebulo mavesiti awiri mbali iyi, mapaketi a unga, ufa wa m'sitolo wa kuno, mbali iyo. Zonse sizikanatheka. Mayi a Tadala ananyamula vesiti imodzi ndi dzanja ili, ufa ndi dzanja ilo, ngati sikelo ya pamsika. Anati mavesiti awiriwa akulemera ngati phala la ana la masabata angapo. Ndinati achimwene anapempha mavesiti, ufa sanautchule. Anati munthu wamkulu sapempha ufa kwa mng'ono wake. Ndinati komanso ufa ukatha watha, pamene munda ndi chaka chonse. Tinaima choncho mpaka tiyi anazizira. Mavesiti anapita, ndi ufa umene unakwana m'mipata.

Katundu anafika kumudzi chimanga chitamasula ngayaye. Anapeza Mwatopa kulibe. Anangodzuka tsiku lina n'kulowa m'nkhalango, osauwa, osacheuka. Vesiti yake inasinthidwa ndi lichero la deya kwa munthu wokonza njinga, amene anaidula n'kupangira zishalo.

Tilekeni anamuveka yake pabwalo, ana akuonerera. Anamanga malamba onse atatu mpaka bowo lomaliza. Galu anaima pang'ono, kenaka anayenda n'kutulukira pakhosi, vesiti n'kutsala chiimire pamalo pomwepo ngati ikudikira kuitanidwa. Ana akuti anaiitana, ndipo inatsala pang'ono kubwera. Nkhuku zikanakhalapo zikanaikiramo mazira, koma nkhuku zinali zitatha kale mu Januwale.

Achimwene anapempha ansembe kuti awaimbitse foni ya ku parishi. Anathokoza bwinobwino, monga mwa mwambo, mpaka anatchula ndi mayi a Tadala omwe.

"Yafika. Ndi yolimba," anatero. "Ndi yaikulu pang'ono."

Anati aikamo udzu wouma ndi zisanza m'mbali, n'kumanga ndi luzi pamwamba. Tilekeni tsopano akuoneka ngati mtolo umene wamera mutu. Za ufa anangoti wafika, ndipo alamu akuphikira ana ndi mayi phala lopyapyala m'mamawa, chitseko chili chotseka kuti fungo lisapite kwa aneba. Ndinafunsa ngati iwo akudyako. Anati munthu wolondera munda sasowa chotafuna.

Mwezi umenewo ku Kasarani chimanga changa chinakhwima bwino. Tinaotcha chimodzi. Chinali chokoma.

Malichi

Lachisanu loyamba foni sinalire. Ndinakhala pa desiki mpaka oyeretsa anandisesa m'mapazi. Lachisanu lotsatira sinalirenso. Mvula yaikulu ya ku Nairobi inayamba, matatu akumira m'matope, makondakitala akukweza mtengo mtambo uliwonse ukadutsa.

Inalira kumapeto a mwezi, Lachitatu. Achimwene anali pa boma kudzasinthitsa nyama ya nguluwe ndi deya ndi mchere. Anandiuza zonse mwadongosolo, ngati akuwerenga zolengeza za m'tchalitchi.

Chimanga chinali chitayamba kulimba, ndipo nguluwe zinabwera m'bandakucha, yaikulu ija ili patsogolo. Tilekeni anaithamangira monga mwa masiku onse, koma udzu unali utakhuthuka, vesiti inapotoloka, lamba wa chigayo uja n'kupezeka kumsana. Dzino linalowera pa bowo la mwendo, pamene panali mpata woti n'kudutsa mkono wa munthu. Linalowa m'galu, kenaka linakodwa m'malamba. Nguluwe inayesa kukutumula, vesiti inakana. Inathamanga ndi galu ali lende kukamwa, n'kukakodwanso pa chitsa. Pamenepo ndi pamene achimwene anaipeza, ndipo anaibaya mosafulumira, chifukwa mphamvu zofulumirira analibe. Nguluwe imene inawavuta zaka zambiri inafa itamangidwa ngati mbuzi ya pa chikwati. Tilekeni anafa dzuwa lisanatuluke.

"Lona sinabooke," anatero. "Umuuze telala wako."

Nyama ija inawayendetsa masabata angapo. Mwendo umodzi anapatsa a Kamtedza. Ndinafunsa kuti nanga munda aulondera ndani, poti nguluwe sinali imodzi ndipo chimanga chinali chisanaume.

"Alipo," anatero.

Ndisanafunse kuti ndani, mayi wa foni uja anati pali anthu ena pamzere.

Ndinapitadi ku Gikomba Loweruka n'kumuuza fundi kuti lona sinabooke. Anakondwa, nandipatsa khadi lake kuti ndigawire anzanga.

Epulo

Mwezi wonse kunali zii. Ku ofesi tinachita msonkhano wa njala ya kumwera kwa Africa, wokhala ndi tiyi ndi masamusa. Anapachika mapu pakhoma, ndipo boma lathu analipaka utoto wofiira. Ndinaima pafupi n'kupeza pamene payenera kukhala munda wa achimwene. Panali pofiira ngati pena paliponse. Ine anandipatsa ntchito yofunsa mitengo ya nyemba kwa ogulitsa atatu.

Mphekesera zinkabwera ndi aliyense wotsika ndege. Ankati anthu ayamba kukolola chimanga chosauma n'kuchisinja kukhala chitibu, kuopa kuti mawa sachipeza. Ankati m'minda simukulowa nguluwe zokha, ndipo wogwidwa ndi chisononkho chimodzi akumudula khutu. Ankati ena akufa atadya chimanga chatsopano, mimba itaiwala ntchito yake. Pa mapemphero a Amalawi Lamlungu tinasiya kufunsana kuti kumudzi kuli bwanji. Tinkafunsana za sukulu za ana.

Chimanga cha ku Kasarani tinakolola, tinaumitsa, tinathira m'kathumba. Kanakhala pakona ya khitchini. Palibe amene anakapititsa kuchigayo ndipo palibe amene anakatchula.

Chakumapeto ansembe anatumiza uthenga kudzera kwa sisitere uja. Anatchula maliro a m'mudzi mwathu mmodzimmodzi, akazi a a Kamtedza ali m'gulumo. Pomaliza anati pakhomo panu sipanagwe maliro. Ndinathokoza, ndinabwerera pa desiki, ndinamaliza za nyemba.

Meyi

Ndinatenga tchuthi. Ndege mpaka Lilongwe, basi mpaka pa boma, kenaka wapansi, katundu ali pamutu pa munthu amene anapempha kuti ndimulipire ndi buledi m'malo mwa ndalama.

Mudzi ndinaumva ndisanauone, chifukwa sunkamveka. Kunalibe galu, kunalibe tambala, ngakhale mbuzi yoti ikutsekere njira. Nyumba zina zinali zopanda denga. Kumanda udzu unali wopondedwa ngati pa bwalo la mpira. Panjira yolowera kwathu ndinakumana ndi bambo wina wamtali atanyamula mapesi. Ndinamupatsa moni waulemu n'kumufunsa ngati a Damiyano ali pakhomo.

"Ali panjira," anatero, ndi mawu a achimwene. "Wafika bwanji, Yona?"

Mayi anali moyo. Ana anali moyo, tsitsi lawo lofiirira, akuyang'ana chikwama changa osati ine. Tinapita kumunda madzulo. Mbali ya kunkhalango inali yofukulidwa ngati panadutsa thirakitala yoledzera, koma kuyambira pakati mpaka kumudzi mikukwe inali chiimire. Nkhokwe sikanadzaza, koma theka likanapitirira. M'mudzi monse munalibe munda wina wotero.

Ndinafunsa za wolondera uja. Achimwene anati apite akaone ngati ana atunga madzi. Anandiyankha ndi alamu, tili chiimire pafupi ndi msasa wa udzu umene unali pamalire a munda.

Anati Tilekeni atakwiriridwa, amuna awo anasamukira mumsasamo. Nguluwe zikapanda kumva galu zimadziwa, ndiye anayamba kuuwa okha. Ankauwa mawu awiri: aang'ono okalipa a Tilekeni cha kutsogolo, kenaka n'kuthamangira kumbuyo kwa msasa kukauwa a Mwatopa. Anthu a m'mudzi ankati a Damiyano apeza kuti agalu ena chaka ngati chino, ndipo akuba ankalambalala. A Kamtedza anabwera kudzapempha kuti akabereka awasungireko kamwana.

Ndinaseka. Alamu sanaseke. Analowa mumsasa n'kutulutsa vesiti ija. Inali yakuda ndi utsi, banga la magazi lili pa bowo la mwendo. Anati kumunda kunkazizira, bulangeti linali litagulitsidwa, ndipo munthu wogona pansi pamene pamadutsa nguluwe amafuna chophimba pachifuwa.

Ndinati alamu, imeneyi ndi ya galu.

Nthawi imeneyo achimwene anali atabwerera.  Anavula malaya, napisa mikono m'mabowo a miyendo yakutsogolo, lamba wa chigayo n'kukhala pachifuwa. Anatembenuka kuti ndiwamange kumsana. Ndinamanga lamba woyamba, wachiwiri, wachitatu. Mfupa uliwonse wa msana wawo ndinaumva pa zala zanga. Onse anatseka popanda kukoka, ndipo panatsala mpata woti dzanja langa n'kulowa.

Anapuma mpweya wambiri kuti adzazemo. Sinadzaze.

"Usaitenge," anatero. "Ikadzayamba kundithina ndidzakuuza. Udzadziwe kuti tadya."

Tinakolola sabata imeneyo. Ine ndinkasenza, iwo ankakhala pansi n'kumasenda makoko, chifukwa akaima nthawi yaitali ankaona mdima. Ngolo kunalibe, ng'ombe zake zinadyedwa. Tinatuta ndi madengu.

Ogasiti

Ku Nairobi kunali kuzizira kuja kopanda dzuwa, aliyense ali m'juzi ngati wodwala. Foni inalira Lachisanu loyamba, nthawi yake yeniyeni. Anabwera pa njinga yobwereka. Anati mayi ayambanso kudandaula za mchere m'ndiwo, alamu ayamba kuwalankhula, ndipo apeza kagalu kwa munthu wa kutsidya kwa mtsinje, dzina sanakapatse chifukwa woyambana naye m'mudzi sanatsale.



"Lamba wapakati wayamba kukana," anatero.

Ndinati chabwino. Anati basi, ndi zomwezo, pali anthu pamzere. Ndinaika foni pansi. Chindevu anasuzumira pakhomo n'kufunsa ngati kwathu kuli bwino, ndipo ndinamuuza kuti vesiti yayamba kuthina. Anati pepani kwambiri, mwina fundi angaikulitse.

Ndinati ayi, isiyeni choncho.